Msana Wanga ndi Nyimbo ya Amayi

Lolemba, 6 Meyi

Dzulo abusa analengeza m'tchalitchi kuti Loweruka masana mpingo wonse ukukaonera filimu ya m'bale wathu Setu. Achita kubwereka basi yathunthu! Ine phee pabenchi ngati sakunena ine, chonsecho mtima ukuvina.

Zaka makumi atatu ndili m'mafilimu a kuno ku Sydney, koma akundidziwa ndani? Mlonda wa pakhomo la bala, ndine. Woyendetsa basi, ndine. Chigawenga chonenepa chija chimafa filimu isanafike pakati, ndine ndemwe. Mkazi wanga Fuatino amati wandilira pa TV kambirimbiri moti tsiku lenilenilo misozi idzakhala itatha.

Ulendo uno zasintha. Ndine malume woimba pamaliro, gitala m'manja, nkhope yonse poyera. Nyimbo yakenso ndi yanga, ija ndinapekera amayi atamwalira. Achemwali anga a Sieni sanaimvepo. Ndinakana kuwatumizira, nyimbo ya amayi si yomvera pakafoni. Akutera Lachinayi kuchokera kwathu ku Apia.

Lachiwiri, 7 Meyi

Kometa tsitsi. Shati yatsopano ya maluwa ofiira. Mabatani akudandaula pamimba, koma apirire.

Lachitatu, 8 Meyi

Bronwyn, mtsikana wotsogolera filimuyo, waimba foni ndikukazinga mapanikeke. Atangoyamba ndi kutama luso langa ndinadziwiratu. Ntchito ino akakutama kwambiri ndiye kuti lumo ladutsa. Akuti filimu inatalika, chigawo choimba pamaliro adula. Chatsala ndi msana wanga, nditanyamula bokosi. Nyimbo sanaitaye, aiika kumapeto kwenikweni, pamene maina amakwera.

Pamaina! Amakhalira maina ndani? Magetsi amayaka, osesa amalowa. Ndipo anthu akwathu ndimawadziwa ine, maina akangoyamba onse ali pakhomo, maganizo ali pa mphika wa sapasui, chakudya chakwathu chija, kuholo ya tchalitchi. Ndiye a Sieni awoloke nyanja kudzamvera nyimbo ya amayi m'phokoso la mipando?

Mapanikeke apserera. Ndamuuza Fuatino, waseka mpaka kugwira firiji. Kenako akuti, "Bambo a Tala, nkhope yanuyo tinatopa nayo kale. Nyimbo ilimo?" Ndati ilimo. Wati basi, idyani zopsererazo.

Zandiwawa, ndisaname.

Lachinayi, 9 Meyi

A Sieni afika. M'chikwama koko wakumudzi ndi mkanda wa maswiti woti adzandiveke Loweruka. Kungondiona pabwalo la ndege afunsa ngati ku Australia kuno amandidyetsa matayala. Ndinafuna kuwauza za lumo lija m'galimoto, koma anali kalikiliki kufotokoza momwe mudzi wonse ukudikirira lipoti. Ndinangoyendetsa galimoto.

Madzulo iwo ndi Fuatino adzitsekera kukhitchini, manong'onong'o ndi phwete. Ndikalowa, zii. Ndatolako liwu limodzi lokha: abusa.

Lachisanu, 10 Meyi

Kokaimba kunyumba ya okalamba, monga Lachisanu lililonse. Mayi wina wachizungu wandifunsa ngati sindine uja anagwa padenga la sitima. Ndine, mayi. Akuti ndinagwa bwino kwambiri.

A Sieni sindinawauzebe.

Loweruka, 11 Meyi

Ndilembe zisanandithawe.

Holo ya kanema yodzaza. Mbali ina azungu a mafilimu, zovala zakuda okhaokha. Mbali ina ife, maluwa kuyambira kumutu. Bokosi la maliro likudutsa pachinsalu, a Sieni anandigwira dzanja.

"Msana uwo," anatero chapansipansi, "ndi wa atate."

Posakhalitsa mpingo nawo unauzindikira. M'manja kuwomba, nthungululu, pamaliro! Azungu kuchita kucheuka.

Filimu kutha. Maina kuyamba kukwera, gitala yanga kulira, magetsi ngwee. Anthu kutola zikwama. Ine maso pansi, kufuna kulowa pansi pa mpando, koma ndi thupi ili ndikwanapo?

Kenako mawu a abusa, aja a paguwa: "Taualuga!"

Gule wotsekera! Kwathu chikondwerero sichitha iyeyu asanavinidwe, ndipo wotuluka ali mkati wanyoza banja lonse. Amene anali ataimirira anangouma pomwepo.

A Sieni anavula nsapato n'kutsikira kutsogolo kwa chinsalu. Munthu wamkulu, mawondo aja amadandaula nawo tsiku lililonse, koma manja akuyandama pang'onopang'ono, ndendende mmene ankavinira amayi. Amuna a kwaya kuwazungulira, kudzimenya pachifuwa. Mwana wanga Tala, bambo wa ana atatu, kudzigoneka pansi kuti azakhali ake amuponde pamsana mwamwambo. Azungu ofuna kutuluka anapeza Fuatino ataima pakhomo ndi thupi lonse, akumwetulira ngati mlonda wa bala. Ntchito yanga ija amaiona bwino pa TV, eti. Onse anabwerera kukakhala. Osesa anatsamira matsache. Bronwyn misozi mbwe.

Nyimbo inamveka yonse, mpaka mzere womaliza pamene ndimatchula dzina la amayi. Ndinalira, ndipo si kulira kwa kuntchito kuja. Dzina langa pachinsalu sindinalione n'komwe, akuti linadutsa.

A Sieni anabwera ali wefuwefu, n'kundikoleka mkanda wa maswiti uja m'khosi. Ine kutchera khutu kudikira mawu aakulu.

"Bwereza, iwe," anatero. "Ndinali kuvina, mawu ena andidutsa."

Ndinati gitala ndasiya kunyumba. Kutembenuka, Fuatino wandiimirira kumbuyo, gitala ili m'manja.