Ndadya ndi Mkamwini

Amayi, kumeneko mukukhala bwanji?

Ife kuno ku Glasgow tilipo, kungoti mvula yake ija sinasinthe khalidwe. Achimwene anaimba foni kuti chimanga chachita bwino kumunda kwanu kuja, ndipo mlamu wachira, mwana wamkazi. Amupatsa dzina lanu. Ine bondo likuvutabe pokwera masitepe, koma lero ndakhalira pansi nkhani ina.

Mdzukulu wanu Tadala wapeza mwamuna, Amayi. Dzina lake Kelvin, ngati mnyamata wa ku Ndirande, koma kwawo ndi ku Penang, chilumba cha ku Malaysia. Anakumana ku yunivesite. Ndi mwana wofatsa, ndipo ine ndinamukonda tsiku loyamba lomwe.

Ndiye ndinachita zimene munandiphunzitsa. Si inu munkati, "Mkamwini sumuyang'ana m'maso, sudya naye, ukatero wamupeputsa"? Akabwera kunyumba ku Sighthill ndinkamupatsa moni ndili kukhitchini. Chakudya ndinkamuikira patebulo, ine n'kukadyera kuchipinda. Akandibweretsera zophikaphika zake ndinkathokoza kudzera mwa Tadala, n'kudya iye atapita. Mumtima ndinkati ee, mwana wa eni ake ndikumupatsa ulemu wonse.

Mwezi watha Tadala anabwera maso ali psuu. Anandiuza m'Chingerezi chake chothamanga chija kuti Kelvin akufuna kuimitsa ukwati, chifukwa sangalowe m'banja limene apongozi amanyansidwa naye. Ine kunyansidwa naye, Amayi! Tadala wakulira kuno, mwambowu sanauonepo. Nditamufotokozera anangoti zimenezo ndikawauze ndekha amayi a Kelvin, amene anali atabwera kudzaona mwana wawo.

Ndinakwera basi kupita ku Partick kumene Kelvin amakhala. Mayiwo ndi aafupi, anavala nsalu yonga chitenje chathu. Sanandifunse kuti ndili bwanji, anandifunsa ngati ndadya. Akuti kwawo moni wake ndi ameneyo. Kenako anayamba kundifotokozera za mzinda wawo, George Town. Akuti azungu a konkuno anaupanga doko kalekale, zombo zinkaima pamenepo kunyamula tsabola ndi zokometsera ndiwo, ndipo kunabwera Matchaina, Amwenye ndi Aluya kudzachita malonda pakati pa eni dera, Amalei. Ambiri sanabwererenso kwawo. Pali msewu wina woti ukamayenda wapansi umadutsa tchalitchi, kachisi wa Matchaina, kachisi wa Ahindu ndi mzikiti, usanatope n'komwe. Mayiwo makolo awo ndi Matchaina amene anakwatirana ndi Amalei, amuna awo ndi Mmwenye. Ndinakumbuka ku Limbe, koma Limbe yake yoti anthu anakwatirana, osati kungogulitsana nsalu.

Anati anthu osiyana mapemphero ndi zilankhulo chonchi amagwirizana pa chakudya. Kumeneko ukakana kudya ndi munthu, ndiye kuti wamuuza kuti ndi wauve. Mayo ine! Miyezi yonseyi mwana uja ankandiphikira kuti ndimulandire, ine n'kumathawa kuti ndimulemekeze. Ndinawauza zathu, kuti inu munakhala zaka zonse zija osadyapo ndi bambo a Tadala, chonsecho nkhuku yonenepa munkaphera iwowo. Mayi aja anaseka mpaka kutsokomola, kenako tonse misozi inatsika.

Kelvin anatuluka kukhitchini atanyamula mpunga wophikira mkaka wa kokonati. Anaima pakhomo, osadziwa ngati alowe kapena abwerere. Ndinamuitana ndekha, Amayi. Ndinati, "Bwerani mukhale apa, bambo." Ndinamuyang'ana m'maso, ndinadya naye tebulo limodzi. Tsabola wake anandiliza, koma mbale ndinamaliza, ndinapemphanso wina.

Ukwati ulipo, ndipo masiku ano tulo ndikugona. Ndikudziwa kuti mukanakhalapo mukanagwira pakamwa n'kunena kuti, "Nagama, wapenga?" Musandikalipire. Mwambo wanu ndauphwanya kuti Tadala asataye banja, ndipo sindikudandaula.

Ukwati ukatha ndidzabwera nawo onse kudzasesa pamanda panu, ndikulonjeza. Inu musade nkhawa, Kelvin ndidzamuuza aime chapatali.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Nagama