Mbale ya a Raman

Amayi, kodi mwadzuka bwanji kumeneko?

Ife kuno ku Perth tilipo, kungoti malire akadali otseka chifukwa cha mliriwu. Mdzukulu wanu Tadala wayamba sukulu. Ndikamulankhula Chichewa amamva bwinobwino, koma amayankha Chizungu chake cha m'mphuno chija. Mng'ono wanga Esnart akuti chimanga chachita bwino kumunda kwanu, ngakhale mbuzi zonse zinathera pamaliro.

Chandilembetsa kalatayi ndi nkhalamba ina ya kuntchito kwathu ku Midland, kunyumba yosamalira okalamba. Anali Mmwenye, dzina lawo a Raman. Mutu unali utayamba kubalalika, ndiye nkhani inawatsalira imodzi: ya mtsogoleri wina amene anamenyera ufulu wa dziko la India. Akuti ali mnyamata ankamunyamulira chikwama popita kumisonkhano. Atsamunda atamuponya m'ndende, mkuluyo anakana kudya mpaka anamutsegulira. Dziko litamasuka anakhala nduna, koma anakalamba akuvalabe nsalu yoluka pamanja. Nkhaniyi ndinaimva mpaka kutopa nayo, ndinkangoti "eya, eya" uku ndikuwapukuta pakamwa.

Mliriwu utavuta, akuluakulu anatseka zitseko, alendo osalowa. Mwana wawo wamkazi ankangoima panja pawindo. A Raman atationa titaphimba kumaso, magolovesi m'manja, anaganiza kuti ali m'ndende ndipo ife ndife asilikali. Anakankha mbale. Anati adzadya tsiku limene mwana wawo adzalowe pakhomo, monga anachitira mtsogoleri uja.

Ndinawanyengerera, ndinawakalipira, mpaka ndinagwada supuni ili m'manja. Inu munkati wodwala sumakangana naye, phala likazizira umangokatenthetsanso. Ndinatenthetsa mpaka linasanduka madzi. Iwo ankandiyang'ana mwaulemu n'kunena kuti sakudana nane, akudziwa kuti ndangotumidwa ndi boma. Mawu amenewo anandipweteka kuposa kutukwanidwa.

Chilolezo choti mwanayo alowe chinabwera, koma anawapeza asakuthanso kumeza. Amwalira sabata yathayi.

Nditamufotokozera Esnart pafoni, anayamba kulira. Wandiululira zimene ankandibisira nthawi yonseyi: akuti inunso masiku omaliza munkakankha mbale, munkati mudya ndikafika ine. Ine ndinali kuno, ndege kulibe, ndikudyetsa makolo a eni ake.

Amayi, mtsogoleri wa a Raman ankalimbana ndi atsamunda, anthu oti akanatha kuchita manyazi. Nanga inu munkalimbana ndi ndani? Matenda alibe manyazi. Bwenzi mutangodya, ngakhale pang'ono chabe. Ndakukwiyirani kwambiri, ndipo ndakusowani koopsa.

Malire akangotsegulidwa ndidzakwera ndege yoyambirira. Ndidzaphika phala lanu la nsinjiro lija, ndidzabwera nalo pamanda panu likadali lotentha, n'kukuuzani kuti ndafika.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Tiyamike