Tinyenyezi Tiwiri pa Makadi a Odwala

Lachitatu, mwezi wa Juni. Chiperoni tsiku lonse, ndipo mtima wanga unali kwina.

M'mawa ndasindikiza makadi a odwala, lililonse ndi timizere take takuda tosunga nambala. Kamakina kowerenga timizereto kangoti zii, osalira. A Sisita abwera kawiri. "Mayi Namame, anthu a ku Nchema aja akadali pabenchi, ndipo abwerera wapansi."

Ntchitoyi ankaigwira ndi amuna anga, asanapite ku Joni. Posakasaka m'dilowa ndapeza kapepala kawo, kolembedwa ndi dzanja lawo lopendeketsa zilembo lija: "Muziika kanyenyezi kumayambiriro ndi kumapeto kwa nambala. Kompyuta ikameza tinyenyezito, mutibwezere, apo ayi makina sawerenga."

Ndachita zomwezo, ndasindikizanso. Kamakina kalira pa khadi loyamba lomwe. Ndatembenuka kuti ndiwauze amuna anga, koma pampando pawo paja pali katoni ya magolovesi.

Kapepalako ndabwera nako kunyumba, ngakhale malo ake ndi ku ofesi. Miyezi isanu tsopano chichokereni iwo, andiimbira foni kamodzi kokha. Njira ya tinyenyezi ija ndailoweza kale, kapepalako sindikafunanso pa ntchito. Komabe mawa sindikabweza, chifukwa pali dzanja lawo.