Chimbudzi Chili M'mwamba

Chipoka,
Salima.

Wokondedwa mlongo wanga Lodwick,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo. Uli bwanji ku Joniko, iwe pamodzi ndi alamu anga a Linda ndi ana? Chifuwa chija chinakusiya, kapena ukungolimbana nacho osapita kuchipatala monga mwa khalidwe lako? Kuno ine ndi bambo a Takondwa tili bwino, ana akupita kusukulu. Za Amayi sindinena kuti ali bwino chifukwa ndikhala ndikukunamiza, ndipo nkhani ya kalatayi ndi imeneyo.

Usadabwe kuti ndalemba pamanja ngati kuno kulibe foni. Pafoni umangoti ndifulumire uli pantchito, komanso ukaimba Amayi amakhala ali pomwepo, makutu ali tcheru. Ndamupatsira Hashim, uja amabwera kumeneko kudzapikula katundu, kuti akupatse m'manja. Uwerenge utakhala pansi, ndipo uwerenge usanawauze eninyumba kuti watsimikiza zogula.

Nyumbayo ndi yokongola, sindikukana. Chigwereni nyumba ya Amayi ndi mvula ya chaka chatha, palibe amene anaganiza zowapezera pokhala koma iwe, ndipo Mulungu akuona. Eninyumba atatilola kuti tilowiretu pomwe mukumaliza za mapepala, anthu anatiperekeza ngati ukwati. Amayi anamanga duku yatsopano. Anzawo aja ankayanika nawo usipa ankabwera m'magulumagulu kudzaona nyumba yosanja imene mwana wa aNaphiri akugulira amayi ake.

Koma vidiyo imene eninyumba anakutumizira ija sinakuonetse chinthu chimodzi. Pansi pali chipinda chochezera, khitchini ndi kachipinda kamene tinawayalira Amayi, basi. Bafa ndi chimbudzi zonse zili m'mwamba. Panja palibe ngakhale kachimbudzi ka mlonda.

Iwe Amayi unawasiya akupita okha kudoko, dengu lili pamutu. Amayi amenewo kulibenso. Mawondo anatupa, nyamakazi yawagwira mpaka m'chiuno, moti kuchoka pamphasa kukafika pakhonde ndi ulendo wa ndodo ndi kupumira. Ukaimba pavidiyo amakhala atakhazikika kale pampando, ndiye umangoona masaya nkumati gogo akunenepa.

Tsiku loyamba anakana thandizo, anati akwera okha. Anayamba chokwawa, kufika pakati pa masitepe nkukhala pansi, kukwera osatha, kutsika osatha. Ndinayesa kuwabereka ine, koma thupi la Amayi ukulidziwa, ndipo ine chichitireni opaleshoni pobadwa Mwayi sindinyamula cholemera. Tinangotsala pang'ono kugubuduzika tonse awiri.

M'nyumba muja munthu wamphamvu ndi mmodzi, bambo a Takondwa. Tsono iwe ukudziwa mmene Amayi amakhalira ndi mkamwini wawo. Chikwatiwireni ine awiriwa sanadyerepo pamodzi, sanagwiranepo chanza. Akakumana panjira wina amapatuka, moni amapatsana chapatali nkhope zili kumbali. Ukhoza kuseka kuti ndi zachikale, koma ndi ulemu umene akhala nawo zaka zonsezi, ndipo sanayambanepo ndi tsiku limodzi lomwe.

Tsiku limenelo panalibe kuchitira mwina. Mkamwini anabereka apongozi ake kumsana kupita nawo kuchimbudzi, nkuima chapatali kudikira kuti awatsitse. Amayi anadziphimba chitenje kumaso popita ndi pobwera pomwe. Mwamuna wanga atawakhazika pamphasa anatuluka nkukakhala kudoko tsiku lonse osadya kanthu. Ine ndinalowa m'khitchini nkulira.

Mawa lake ndinawagulira ndowa yotsekera. Anandiyang'ana mpaka manyazi anagwira ine. Anati iwo sanadwale chogona, ndipo sangachite zimenezo m'nyumba ya magalasi okhaokha, khomo loyang'anizana ndi pophikira. Paja ndi Amayi omwe aja ankati chimbudzi cha m'nyumba ndi uve wa anthu a m'tauni. Pano chili pamwamba pa mitu yathu, ndipo munthu akagejemula madzi amamveka akutsika m'khoma la khitchini, pomwe ndimaika mbale. Kusamba ndiye ndimawasambitsira kuseri kwa nyumba, nditatchinga chitenje ngati tili paulendo.

Usaganize kuti tinangokhala manja lende. Bambo a Takondwa anayamba kukumba chimbudzi panja. Dzenje lisanafike m'chiuno madzi anatumphuka, mchenga nkugumukira momwemo. Ndinaitana a Bilali, pulambala wa ku boma, kuti aone ngati tingaike chimbudzi pansi. Anati kuika angathe, koma nyanja ikakwera ngati mmene yachitira zaka zino thanki imadzaza, zoipa zonse nkubwerera m'nyumba kudzera momwemo. Nchifukwa chake womanga anakweza zonse m'mwamba. Ndi nyumba ya anthu obwera kudzapuma pa Khirisimasi, a miyendo yawo yabwinobwino.

Patapita masiku ndinaona kuti Amayi sakupemphanso kukwezedwa. Mwina kamodzi patsiku, mwina osapempha nkomwe. Ine ndinkati thupi lazolowera. Tiyi amene amamukonda uja anayamba kunena kuti wawakola. Phala ankati lawatopetsa. Madzi ndikawapatsa ndinkapeza kapu ilibe kanthu, osadziwa kuti akuthirira maluwa a pakhonde. Zonsezi ndi dzuwa la Okutobala, ndipo kutentha kwa kuno sindichita kukuuza.

Lachiwiri lapitali anakomoka pakhonde. Tinathamangira nawo kuchipatala pa galimoto ya nsomba imene inkapita ku boma. Anamwino anati m'thupi mwawo mwatha madzi, komanso chikhodzodzo chadwala chifukwa chosunga mkodzo, ndipo tikanachedwa impso zikanaonongeka. Anawaika diripi. Kenaka mmodzi anandifunsa mwachifundo ngati kwathu madzi ndi osowa. Chonsecho nyanja ili pakhomo penipeni.

Atatsitsimuka ndinawafunsa chifukwa chake. Sanabise. Anati ludzu amatha kulipirira, koma msana wa mkamwini ayi. Kenaka anandigwira dzanja nkundiletsa kukuuza. Anati mwana wavutika kuchilendo, kugona m'kachipinda ngati nkhokwe, kuti amayi ake akhale m'nyumba yosanja, ndiye iwo ndi ndani kuti anyoze. Anati nyumba ilibe vuto, vuto ndi miyendo yawo. Choncho Lamlungu ukaimba adzakuuzanso kuti kamphepo ka kunyanja kakuwakomera, ndipo iwe udzakhulupirira.

Mtima ukundiwawa, Lodwick, ndipo ndili ndi mantha. Ndakwiyanso, kungoti sindikudziwa kuti ndikwiyire ndani. Iwe unachita chabwino. Amayi akuteteza ulemu wawo. Mwamuna wanga pano akalowa m'nyumba amayenda chozemba ngati waba, pomwe sanalakwe kanthu.

Pali nyumba ina ku boma, chakuseri kwa siteshoni ya sitima, imene mphunzitsi wina wopuma ntchito akugulitsa pobwerera kwawo. Ndinakaiona ndikudikirira Amayi kuchipatala. Ndi yapansi, malata ndi akale, utoto unasuwa, ndipo nyanja suiona ngakhale utakwera mumtengo. Palibe amene angaijambule nkutumizira anzake. Koma bafa ndi chimbudzi zayandikana ndi chipinda chogona, panja pali china chokumba, ndipo chipatala ndi tchalitchi munthu ukhoza kupita pa kabaza. Ndikudziwa kuti si imene unkalota. Ndikudziwanso kuti anzako kumeneko unawaonetsa kale zithunzi. Nafenso kuno tinadzitama mokwanira, woyambirira ine. Manyazi amenewo tigawana, usaasenze wekha.

Mwina ukuti achemwali akukulitsa nkhani ya chimbudzi, nyumba sagulira chimbudzi. Nanenso mwezi wathawu ndikanatero. Tamvera zimene zachitika dzulo.

Atatulutsidwa m'chipatala, titangofika pakhomo, Amayi anakaima pansi pa masitepe atatsamira ndodo, nkuyang'ana m'mwamba nthawi yaitali. Kenaka anandiitana, nkuitananso mkamwini wawo, nkhope ili kumbali monga mwa masiku onse. Anati:

"Ndaganiza, ana anga. Mundikweze kamodzi kokha, mphasa yanga mukayale m'mwambamo pafupi ndi chimbudzi. Madzi ndizimwa, ndipo sindivutitsanso munthu. Kutsika ndidzatsika tsiku limene mudzanditsitse ndili m'bokosi."

Ankanena akumwetulira, ngati munthu amene wapeza nzeru. Amayi omwewa amene tsiku silingathe osakhala pakhonde kulonjera odutsa, amene Lachinayi amapita ku Mvano ngakhale ndi pa njinga chokankhidwa. Anzawo onse ndi a ndodo okhaokha, palibe angakwere kukawaona. Adzangomva mawu a anthu pansi, iwo ali pawindo.

Bambo a Takondwa anagwada nkunena kuti apongozi awakhululukire, iwo sawakweza. Aka kanali koyamba kuwakanira chinthu. Tinamanga katundu masana omwewo nkubwerera kukanyumba kathu kothina kaja, komwe tinkakhala tisanalowe m'nyumba yosanjayi. Amayi agona ndi ana, ndipo chimbudzi chathu chapanja chija akufikako okha ndi ndodo.

Koma m'mawa uno ayambanso. Akuti nyumba ya mwana wawo singakhale yopanda munthu, anthu aziti chiyani. Iwe ukuwadziwa Amayi akagwira chinthu. Ukaigula adzabwereramo, chifukwa sangakane mphatso yochokera kwa iwe, ndipo adzapeza anyamata oti awakweze ngakhale ife titakana. Ine sindingawaletse. Amene angawaletse ndiwe, ndipo njira yake ndi imodzi.

Ndagwira mwendo wako, mlongo wanga, usaigule. Uwauze Amayi kuti wapeza ina pafupi ndi chipatala ndipo maganizo ndi ako. Usawafunse za masitepe kapena za mkamwini, ungawaphe ndi manyazi. Ukafuna kukwiya ukwiyire ine, ndazolowera kuyambira uli mwana.

Undiperekere moni kwa alamu anga, ndipo kalatayi uwawerengere, mwina iwo monga mayi amvetsa msanga. Ana uwauze kuti azakhali awo akuwasowa. Bambo a Takondwa, Takondwa ndi Mwayi akupereka moni. Ambuye akusunge pantchito ndi m'misewu ya kumeneko, ndipo akupatse mtima wofewa powerenga.

Moni wa Amayi mulibe m'kalata muno, chifukwa sakudziwa kuti ndalemba.

Ndine mlongo wako,
Eveles