Chiarabu chimene unaphunzitsa mlongo wako

Mwana wanga Tenesi,

Moni. Kuno kwa Mphuka tili bwino, koma miyendo ya amayi ako ikutupabe.

M'bale wako Faneli anagula bwato lachiwiri, mlongo wako Esinati ndi nesi ku Oman, iwe umalemba maphunziro a Chiarabu ku Lusaka. Ndinkakunyadirani nonse atatu.

Koma Esinati, amene anaphunzira Chiarabu m'buku lako, anaimba foni akulira. Wodwala wina anamuuza m'Chiarabu kuti akubanika, iye sanamve, amene anathandiza ndi nesi mnzake. Akuti Chiarabu chako n'cha m'mabuku, kumeneko sayankhula choncho, ndipo mwina amuchotsa ntchito. Unalemba bwanji osafunsa eni chilankhulo? Mlongo wako ndiye woyeserapo?

Konza bukulo. Mulungu akuyendetse bwino. Banja lonse likumana kuno Loweruka la Pasaka, Esinati adzakhala pafoni. Udzamuyankhe wekha.

Ndine atate ako.