Gadiyani wa Esnati

Area 12, Lilongwe

Okondedwa achimwene a Lexon,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana kumeneko ku Thyolo. Foni yanu siikugwira, n'chifukwa chake kalatayi ndapatsira kondakitala wa basi. Kuno tilipo, koma mtima wanga suli m'malo.

Mlongo wanu Agness anagwa ndi sitiroko akugulitsa tomato mumsika wa ku Old Town. Mbali yakumanja yafa, ndipo sakulankhula.

Kuchipatala anamwino anafunsa kuti gadiyani ndani, ndinati ndine. Kumeneko gadiyani ndi amene amagona pansi pambali pa bedi, kumusambitsa wodwala, kumutembenuza ndi kumumwetsa phala. Kusukulu kwa Esnati, mwana wa Agness, nakonso gadiyani ndine, wokayankha mwana akachedwa kapena akang'amba buku. Mawu amenewa ndawasenza osadandaula.

Tsopano mawuwa afika kukhoti, ndipo kumeneko ali ndi mano.

Mukudziwa kuti Esnati amakhala ndi ine m'boyizikota kwa a Chikaonda, kumene ndimagwira ntchito ya m'nyumba. Adona amamukonda, sindinganame, ndipo sukulu amalipira ndi iwo. Abwana awatumiza kukagwira ntchito kunja, anyamuka mwezi wamawa. Adona akufuna kupita naye mwanayo.

Anandiitana pabalaza, nandikhazika pampando umene ndimangoupukuta. Panali ndi loya. Iye anafotokoza bwinobwino, mosabisa, kuti khoti likawapatsa adona ugadiyani, iwo ndiwo azinena kumene mwana akhale, sukulu yake, ngakhale nthawi yobwera kudzationa. Chatsala n'chakuti wachibale akavomere pamaso pa woweruza, popeza bambo a mwanayo anamwalira ndipo mayi ake sangathe kuyankha.

Adona anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ndinangoti zoona, pakamwa pokha. Mwambiwo umanena zolera mwana, sunena zokwera naye ndege.

Lamulungu tinapita tonse kukamuona Agness. Adona anawerama pabedi n'kumuuza mokoma kuti asade nkhawa, Esnati akaphunzira kunja. Achimwene, Agness amamva zonse. Anagwira diresi la mwanayo ndi dzanja lamanzere lija, misozi ili mbwembwembwe, osalisiya. Mpaka namwino anachita kumutambasula zala chimodzichimodzi.

Chondipweteka n'chakuti Esnati naye akufuna kupita. Wayamba kale kufunsa ngati kunjako kumazizira. Nanga ndimuletse ine wom'goneka pamphasa?

Ndinawauza adona kuti ine si mwinimbumba, mwinimbumba ndi inu atsibweni ake. Anaseka pang'ono, nati sangafunse munthu amene sanagulepo ngakhale pensulo ya mwana. Zinandiwawa. Kuyambira tsiku limenelo sandiyang'ananso kumaso, ndipo mlonda wanditsina khutu kuti ndikakana, ntchito ndi boyizikota zithera pomwepo, osadikira mwezi wamawa.

Bwerani mwezi uno usanathe. Mudzaime pabedi la mlongo wanu, mumuyang'ane, kenaka mulankhule monga mwamuna wa pamtundu pathu. Ine ndatopa kuganiza ndekha, ndipo ndili ndi mantha.

Mukapanda kubwera, ndikakana ndekha. Esnati adzandida, mwina moyo wake wonse, koma sindingapereke mwana mayi ake akupuma. Zikatero konzani malo a anthu atatu, mmodzi wochita kunyamulidwa.

Mulungu akusungeni. Mupereke moni kwa alamu, kwa ana, ndi kwa anzathu a Nebert ngati mumaonana.

Ndine mlongo wanu,
Sellah