Apongozi apeza cholakwa m'pepala langa la masamu

Aphungu,

Ndisanafike pa vuto langa, tigwirizane kaye zinthu zitatu. Choyamba, dzina langa lonse lisatuluke, chifukwa kukoleji kwathu nyuzipepala yanuyi imadutsa m'manja ambiri isanafike kukhitchini. Chachiwiri, ine ndi apongozi anga sitinakangane. Ndaneneratu chifukwa anthu akangoona mawu akuti apongozi amayembekezera ndewu. Chachitatu ndi tsiku: pofika pa 26 Meyi, chaka chino cha 1972, yankho langa liyenera kukhala litakwera ndege.

Ndimaphunzitsa masamu pa koleji ina ya aphunzitsi kuno ku Domasi, ndipo chino ndi chaka changa cha khumi. Kuti munthu akwezedwe kukhala lekichala wamkulu, komiti imafuna mapepala awiri a kafukufuku osindikizidwa. Ndili nalo limodzi. Lachiwiri alilandira ku magazini ya masamu ya kunja, litulukira mu Julayi, ndipo komiti ikumana mu Ogasiti. Mwezi wathawu ananditumizira masamba oyesera kuti ndione ngati zilembo zili bwino, n'kuwabweza pofika tsiku ndatchulalo.

Pepalali ndi la zibangili za mikanda zimene amayi akuno amatunga. Funso lake ndi losavuta: mukatenga mikanda isanu ndi umodzi, ina yofiira ina yoyera, n'kuitunga mozungulira, mungapange zibangili zingati zosiyana? Ine ndinapeza 14. Ndinajambula zonse ndi inki yamitundu iwiri, ndipo ndinawerengetsanso mpaka pa mikanda khumi ndi iwiri.

Tsono apongozi anga aakazi ali kwathu, anabwera kudzathandiza mkazi wanga Doris amene wangochira kumene. Ndi mayi wachilomwe wosunga mwambo. Zaka khumi ndi chimodzi za ukwati wanga sitinakhalepo pamphasa imodzi. Tikakumana panjira ya kumsika, ine ndimakhotera m'chimanga, iwo amayang'ana ku phiri. Zonse timadutsira mwa Doris.

Loweruka lapitalo ndinasiya masamba aja patebulo la pakhonde, nditatsindira ndi mwala. Pobwera ndinapeza Doris akuseka, mwana kumsana.

"Mayi akuti mwajambula bwino," anatero, "koma chibangili chimodzi mwachijambula kawiri."

Ndinati, "Doris, zimenezi zaonedwa ndi maprofesa awiri."

"Nanga maprofesawo anavalapo chibangili?"

Madzulo ake dzuwa likanalipo, Doris anandibweretsera mbale yovundikira yochokera kwa mayi ake. Ndinkaganiza kuti ndi mbatata. M'mbalemo munali chibangili chimodzi, chofanana ndendende ndi chithunzi changa cha nambala 8. Doris anachitembenuza ngati akutembenuza chitumbuwa m'mafuta, ndipo chinasanduka chithunzi changa cha nambala 9. Aphungu, ndinakhala pansi. Ine powerengetsa ndinkangozunguza chibangili papepala, osaganiza kuti munthu angachivule n'kuchivala chotembenuza. Si 14 ayi, ndi 13. Kuseri kwa mpanda ndinamva mawu a apongozi, akulankhula ngati akuuza nkhuku: "Pa mikanda isanu ndi iwiripo abwereza ziwiri." Ndinawerengetsanso kwa masiku atatu. Akunena zoona.

Mnzanga Everson, wophunzitsa sayansi, akuti ndikhale chete. "Achimwene, magaziniyo amawerenga ndani? Inu, mkonzi, ndi chiswe cha m'laibulale. Kwezedwani kaye, mudzakonza muli pampando." Ndikakonza tsopano, tebulo lonse la manambala lisintha, ndipo mkonzi akhoza kukankhira pepala langa ku Disembala. Ndiye kuti komiti indidumpha, ndidikire chaka china. Koma ndikakhala chete, cholakwa chituluka ndi dzina langa pamwamba, ndipo munthu wochidziwa akusesa pabwalo langa m'mawa uliwonse.

Palinso kena. Mwambo wa ntchito yathu ndi woti wokuthandiza umamuthokoza ndi dzina kumapeto kwa pepala. Mwambo wa kwa Doris ndi woti mkamwini satchula dzina la apongozi. Kunena zoona, sindilidziwa n'komwe.

Ndichite chiyani? Chonde yankho lanu lisachedwe. Ndawerenga masiku otsala kanayi, ndipo ulendo uno sindinalakwitse.

Y. M., Domasi

A Y. M.,

Choyamba landirani mafuno abwino pa mwana watsopanoyo. Mwamutchula ngati wongodutsa, pamene mikanda mwaipatsa ndime zisanu.

Konzani pepalalo. Pamenepa palibe zokambirana, ndipo ndikuganiza kuti inunso mukudziwa. Munthu amene anakhala masiku atatu akuwerengetsa kuti atsimikize kuti walakwitsa sangakhale pampando wa lekichala wamkulu mtima uli m'malo, 14 uja ali m'laibulale.

Koma musadziphe ndi mantha, chifukwa mwaganiza m'malo mwa mkonzi musanamufunse. Mawa kwerani njinga, mupite ku positi ku Zomba, mutumize telegalamu yomuuza kuti mwapeza cholakwa ndipo masamba okonza akubwera. Masambawo atsatire sabata yomweyi pa ndege. Akonzi ndimawadziwa, ndimagwira nawo ntchito. Chimene amadana nacho ndi cholakwa chopezeka magazini itatuluka kale. Wolemba wowachenjeza nthawi ilipo amamukumbukira bwino.

M'kalata yoperekeza masambawo mupempheni akulembereni chikalata chonena kuti pepala lanu analilandira. Likakankhidwira ku Disembala, chikalatacho mupite nacho kwa akulu a koleji yanu komiti isanakumane. Chibangili chija chikhale m'thumba. Mukafotokoze monga mwandifotokozera ine, ndipo mukachitembenuze patebulo pawo. Sindingakulonjezeni kuti akukwezani chaka chino. Akakana, mwataya chaka chimodzi, ndipo chidzabweranso. Pepala lolakwika likatuluka silibwezedwa.

Za a Everson, mnzanuyo amakufunirani zabwino, koma taonani: chinsinsi chimene akuti musungecho akuchidziwa kale anthu anayi, ndipo mmodzi wa iwo amamwa nanu tiyi pakoleji tsiku ndi tsiku. Tsiku limene mudzapikisane pa udindo umodzi, mudzagona bwanji?

Nkhani ya dzina ndi yopepuka kuposa mmene mukuionera. Si inu woweruza. Doris akawafunse mayi ake ngati akufuna kulembedwa, ndiponso dzina limene akufuna lilembedwe, la ubatizo kapena la mtundu wawo. Akavomera, mzere umenewo alembe Doris ndi dzanja lake, amate yekha envelopu. Inu pakamwa panu sipanatuluke kanthu. Akakana, lembani kuti mukuthokoza mayi wa mkazi wanu, katswiri wotunga mikanda. Zimenezo ndi zoona, ndipo ndi ulemu wokwanira. Pobwera ku positi mudzere m'sitolo, muwagulire mikanda yamitundu yonse imene ilipo, ndipo ipite m'mbale yomweyo yovundikira.

Chenjezo langa ndi ili. Ndikukuonani kale mukukonza pepala lachitatu, la mitundu itatu ya mikanda, mutaima kuseri kwa mpanda ndi kope m'manja. Mayiwo anabwera kudzalera mdzukulu, osati kudzalembedwa ntchito pakoleji. Muzifunsa funso limodzi pa sabata, kudzera mwa Doris, ndipo muzikhoterabe m'chimanga monga kale. Ulemu umenewo ndi umene wawapangitsa kukukonzani ndi mbale yovundikira m'malo mokusekani pamsika.

Pomaliza, nanenso ndili ndi pempho. Kalata yanu itafika ndinatunga mabatani ofiira ndi oyera pa ulusi, ndipo tebulo langa ladzaza. Ndabwereza katatu, ndikupeza 12 basi. Mundifunsire kwa apongozi anu chimene ndasiyacho, ndipo yankho libwere msanga, chifukwa mabatani ena ndachotsa pa malaya oti ndivale Lamlungu.

Aphungu